Kuika reactor ya carbon dioxide pa thanki ya nsomba yokhala ndi sump

Anthu osunga nsomba ndi zomera za m'madzi m'mathanki agalasi amakonda kudandaula chinthu chimodzi: silinda ya carbon dioxide yomwe imayenera kukhala miyezi ingapo ikutha m'masabata owerengeka, chonsecho zomera sizikuonetsa kusintha. Nthawi zina thanki yotere imakhala ndi sump, ndipo silindayo imakhala yosalakwa. Mpweya umalowa ndithu m'madzi, kenako n'kukathawira m'kabati ya pansi pa thanki mwiniwake osadziwa.

Sump ndi thanki yachiwiri yomwe imabisidwa m'kabatimo. Madzi a m'thanki ya pamwamba amasefukira m'paipi n'kutsikira mmenemo, amadutsa m'zosefera, ndipo pampu imawakankhiranso kumwamba. Ubwino wake ngwakuti zipangizo zonse zimabisika ndipo madzi amachuluka. Koma ulendo wotsikawo umawinduka ngati mathithi, ndipo aliyense amene anakhutchumulapo botolo la Fanta akudziwa zomwe zimachitikira mpweya wa m'chakumwacho.

Zomera zimafuna carbon dioxide kuti zipange chakudya pogwiritsa ntchito kuwala. Madzi ongokhala amatenga mpweyawu pang'ono chabe kuchokera mumlengalenga, pamene osunga zomera zovuta kulera amafuna kufika pa mamiligalamu pafupifupi 30 pa lita imodzi. Amene anatchukitsa kwambiri njirayi ndi Takashi Amano wa ku Japan, mwini kampani ya Aqua Design Amano, yemwe anamwalira mu 2015. Mathanki ang'onoang'ono amakwanitsidwa ndi kachipangizo kotulutsa thovu losalala m'madzi momwemo. Thanki yaikulu, yomwe ndi imene imakhala ndi sump, imafuna mpweya wochuluka, ndipo apa ndi pomwe reactor imalowera.

Ngakhale dzinalo likumveka laukatswiri, reactor ndi chubu choimika basi. Madzi amalowera kumwamba n'kumatsika, mpweya umalowetsedwa chakumtunda kwa chubucho. Thovu limafuna kukwera koma madzi akulikankhira pansi, motero limangozungulira mkatimo mpaka litasungunuka lonse. Pali mitundu iwiri yodziwika yomwe munthu angapange yekha. Wa Rex Grigg umapangidwa ndi paipi ya PVC yonenepa mainchesi awiri, yotalika pafupifupi theka la mita. Wa Cerges umagwiritsa ntchito chigubu cha sefa ya madzi akumwa, mkati mwake mutaikidwa kapaipi kofika chakunsi kuti madzi azitulukira pansi, komwe thovu silifikako. Chigubu choonekera mkati n'chabwinoko chifukwa munthu amaona zomwe zikuchitika.

Malo oika reactor ndi pomwe ambiri amaphonya. Siyenera kukhala pa paipi yotsitsa madzi, popeza madziwo akupita kukawinduka. Malo ake ndi pa paipi yobwezera madzi kumwamba, pampu itawakankha kale, kuti madzi odzala mpweya akafike kwa zomera asanakumane ndi chowasokoneza. Vuto ndi lakuti pampu ya sump imakhala yamphamvu, ndipo madzi akathamanga kwambiri m'chubu amakokera thovu kunja lisanasungunuke. Anthu odziwa amagawa paipiyo pawiri, njira ina kudzera mu reactor, ina yolambalala, n'kuika vavu yochepetsera madzi. Vavuyo imatembenuzidwa pang'onopang'ono mpaka thovu litasiya kuoneka potulukira madzi m'thanki.

Njira ina ndi kugulira reactor pampu yakeyake yaing'ono yokhala mu sump momwemo, madzi otuluka n'kuwalozetsa pakamwa pa pampu yaikulu. Imadya magetsi owonjezera, koma sichepetsa mphamvu ya madzi okwera kumwamba. Ena amangolowetsa mpweya mu pampu yaikuluyo mwachindunji. Zimatheka, kungoti pampu imasokosera ndipo mpweya ukachuluka imatha kusiya kukoka madzi.

Reactor yabwino chotani siingathandize ngati sump ikupitiriza kutaya mpweya. Paipi yotsitsa madzi iyenera kuthera pansi pa madzi a mu sump, osati m'mwamba kuti madzi azigwa thithithi. Kumtunda nako, paipi yoyamwa madzi osakanikirana ndi mpweya wa kunja imataya carbon dioxide wambiri. N'chifukwa chake ambiri amasankha kalumikizidwe kotchedwa Herbie, komwe paipi imodzi imadzaziratu madzi okhaokha ndipo yachiwiri imadikira ngozi, yoyambayo ikatsekeka. Sefa yodonthezera madzi pa timipira tapulasitiki iyenera kuchotsedwa kapena kumizidwa, ndipo sump ivundikiridwe. Chizindikiro chosavuta ndi khutu: kabati yosokosera madzi ndiye kuti ikutaya mpweya.

Komabe kutseka paliponse n'kulakwitsa. Nsomba zimafuna okosijeni, ndipo amalowa kudzera pamwamba pa madzi pomwe carbon dioxide amatulukira. Kutayika pang'ono kwa mpweya ndi mtengo womwe mwini thanki ayenera kuvomera, ndipo kumathandizanso kuti carbon dioxide asaunjikane kufika popha nsomba.

Kuchokera ku silinda, mpweya umadutsa mu regulator yochepetsa mphamvu yake kuchoka pa ma bar oposa 50 kufika pa awiri kapena atatu, kenako pa vavu ya magetsi yotchedwa solenoid, vavu yosinthira kuchuluka kwa mpweya, kabotolo kowerengera thovu, ndi kavavu koletsa madzi kubwerera. Silinda iyenera kuimikidwa ndi kumangirizidwa, chifukwa mkati mwake mpweyawo umakhala wamadzimadzi. Polumikizira paliponse papakidwe madzi a sopo. Pakatuluka thovu ndiye kuti pakudontha.

Kuzima kwa magetsi n'koyenera kukonzekeredwa tsiku loyamba lomwe. Solenoid imadzitseka magetsi akathima, motero mpweya sungapitirire kudzaza reactor pampu itaima. Chomwe chimatsala ndi madzi a m'mapaipi omwe amabwerera pansi. Sump iyenera kukhala ndi malo okwanira kuwalandira, ndipo kavavu koletsa madzi kaja kakapanda kugwira, madzi amakwera m'kachubu ka mpweya mpaka kukaononga regulator. Ndi bwino kuyesa kuzimitsa dala zonse, n'kuona pomwe madzi akulekezera.

Mpweya umatsegulidwa ola limodzi kapena awiri nyali za thanki zisanayake, n'kutsekedwa ola limodzi zisanazime, popeza usiku zomera siziugwiritsa ntchito. Poyeza kuchuluka kwake, kuwerenga thovu sikuthandiza kwenikweni pa thanki ya sump. Chodalirika n'kuyeza pH mpweya usanatsegulidwe ndiponso patapita maola angapo: ikatsika ndi 1.0, mwachitsanzo kuchoka pa 7.6 kufika pa 6.6, madzi ali pafupi ndi mlingo wofunika uja. Palinso kagalasi kotchedwa drop checker komwe mankhwala ake amaoneka a buluu mpweya ukachepa, obiriwira ukakwanira, achikasu ukachulukitsa, koma kamachedwa kusintha ndi ola limodzi kapena awiri. Nsomba zikayamba kupumira pamwamba pa madzi, mpweya utsekedwe pomwepo ndipo madzi awindulidwe, mosadikira kagalasiko. Kuonjezera mpweya kuchitike pang'onopang'ono, pa tsiku lomwe mwini thanki ali pakhomo.

Si nsomba zonse zomwe zimayanjana ndi zimenezi. Mbuna za m'nyanja ya Malawi, zomwe zimasungidwa m'mathanki m'maiko ambiri, zinazolowera madzi a pH ya pakati pa 7.7 ndi 8.6, ndipo zimakonda miyala, kukumba mchenga ndi kudzudzula zomera. Thanki ya mbuna imapindula kwambiri ndi sump yowindula madzi, koma reactor ya carbon dioxide ilibe nayo ntchito.