Mwana Wocedwa Kukula: Colakwa Si Ca Amayi

M'makomboni mwathu monga Maramba, Dambwa ndi Libuyu muli ana ena amene afika zaka ziwiri koma sakhala pansi, salankhula, ndipo ena amagwa khunyu. Kawirikawiri acibale amaloza mayi cala. Ena amati analodzedwa, ena amati sanasunge mwambo pamene anali ndi pakati. Maukwati ena atha cifukwa ca nkhani imeneyi.

Ife a cipatala tidziwa kuti ubongo wa mwana ungaonongeke m'njira zambiri: kucedwa kupuma pobadwa, cikasu ca makanda, malungo aakulu ndi matenda oumitsa khosi. Koma pali ana ena amene vuto lao linayamba akali m'mimba, pa malangizo a cibadwa ochedwa majini.

Thupi la munthu limangidwa ndi tizinthu ting'onoting'ono tochedwa mapuloteni. Puloteni iliyonse iyamba ngati cingwe ca mikanda ya mitundu 20, ndipo jini ndiyo imanena mmene mikandayo itsatanire. Cingweco sicigwira nchito kufikira citapindidwa bwino. Taganizirani anyamata opanga galimoto ya waya. Waya ukapindika molakwa pamalo amodzi, mawilo sazungulira ngakhale waya ndi wabwino.

Mapuloteni ena sangadzipinde okha. M'maselo muli cothandiza kupinda cochedwa TRiC, cooneka ngati kamgolo. Ico cimapinda pafupifupi puloteni imodzi mwa khumi, kuphatikizapo actin ndi tubulin. Awiriwa ali ngati mitengo ya nyumba m'kati mwa selo, ndipo maselo a ubongo amawafuna kuti ayende kukafika pamalo pao mwana akali m'mimba. M'caka ca 2024, akatswiri a ku Germany ndi ku America analemba m'magazini ya Science za anthu 22 amene majini ao opanga TRiC anasintha. Anthuwa anali ndi ubongo wosaumbika bwino, khunyu ndi kucedwa kuphunzira. Mwa ambiri a iwo, kusinthaku kunalibe mwa atate kapena amayi. Kunangoyamba mwa mwanayo, ndipo palibe munthu akanakuletsa.

Pakali pano kulibe mankhwala okonza jini yotere. Koma thandizo lilipo, ndipo ligwira bwino likayamba msanga.

Pitani ndi mwana ku sikelo mwezi uliwonse. Uzani anamwino ngati sakhwimitsa khosi pa miyezi 4, sakhala yekha pa miyezi 9, kapena sayenda pa miyezi 18. Apempheni apime ndi kukula kwa mutu. Iwo adzakutumizani ku cipatala cacikulu ca Livingstone kumene angamuyambitse mafizo olimbitsa thupi.

Khunyu imacepa ndi mankhwala monga phenobarbitone, malinga mwana amwa tsiku ndi tsiku. Musaleke kumupatsa popanda kufunsa ku cipatala. Mwana akagwa, mugonekeni cam'mbali, mucotseni pafupi ndi mbaula, ndipo musaike supuni m'kamwa mwake. Khunyu siyambukira, conco musaope kumugwira. Ikapitirira mphindi 5, thamangirani naye ku cipatala.

Inu abambo ndi apongozi, ndalama zimene mupereka kwa ng'anga zisungeni zikhale za ulendo wa ku cipatala ndi cakudya ca mwana. Musamubise m'nyumba. Lankhulani naye, muimbireni, ndipo mulole asewere ndi anzake pabwalo, pakuti ubongo wake uphunzirabe.