Kuwedza Nsomba ya Bass m'Nyengo ya Mwamvu

Aphunzitsi ndi ana a sukulu, nkhani yathu lero ndi ya nsomba imene ambiri a inu simunaionepo pamsika. Dzina lake ndi bass. Kwao kweni-kweni ndi ku North America, m'nyanja ndi m'mitsinje ya kum'mawa ndi ya pakati pa dzikolo, makamaka m'cigwa ca mtsinje waukulu wa Mississippi. Mtundu wake wodziwika koposa uli ndi thupi lobiriwira, mzera wakuda wocokera kumutu kufika kumcira, ndi pakamwa papakulu pofika kuseri kwa diso. Anthu okonda kuwedza anaitengera ku South Africa m'caka ca 1928, ndipo pambuyo pake inafika ku Zimbabwe, kumene nyanja ya Mutirikwi, pafupi ndi Masvingo, imadziwika nayo. Kuno kwathu imapezeka m'madamu ena a m'mafamu.

Asodzi a ku America ali ndi dandaulo limodzi caka ndi caka. Pofika Julayi ndi Ogasiti, pamene kwao dzuwa liswa mtengo, bass imaleka kudya nyambo. Munthu amene anali kukola nsomba zambiri miyezi yapitayo angathe kukhala m'bwato kuyambira m'mawa kufikira madzulo osamva cingwe cikugwedezeka. Kumbukirani kuti miyezi imeneyo kuno ndi ya cisanu ndi mphepo. Nyengo yofanana nayo kwathu ndi mwamvu wa Okutobala ndi Novembala, mvula isanagwe. Kodi nsombazo zimapita kuti? M'damu mulibe khomo lotulukira. Ziri momwemo, ndiponso ziri ndi njala, pakuti thupi la nsomba limafunda ndi kuzizira pamodzi ndi madzi, ndipo madzi akafunda cakudya cimagayika msanga m'mimba mwake. Cimene casintha ndi malo amene ikukhala, nthawi imene ikudya, ndi mtunda umene ingalole kuthamangira cakudya.

Tiyambe ndi mpweya. Nsomba imapuma okosijeni wosungunuka m'madzi, umene imautenga ndi makha, ziwalo zofiira zija za kuseri kwa mutu. Madzi ofunda amasunga mpweya wocepa. Pa madigiri 20, lita imodzi ya madzi ingasunge mamiligalamu 9 a okosijeni. Pa madigiri 30 ingasunge pafupifupi 7.5 basi, ndipo m'malo okwera ngati Lusaka ciwerengeroci cimacepanso. Motero pa nthawi imene thupi la nsomba lifuna mpweya wambiri, madzi ali nawo wocepa. Ndani wa inu angathamange liwiro m'nyumba yodzala utsi?

Aphunzitsi, ici mungacionetse m'kalasi popanda kugula kanthu. Tungani madzi ozizira m'tambula yagalasi, muiike padzuwa. Pakapita ola limodzi kapena awiri, ana adzaona tinthubwinthubwi titamatirira m'mbali mwa tambulayo. Umenewo ndi mpweya umene madzi alephera kuusunga atafunda.

Mwana wocenjera adzati: "Nanga bwanji nsombayo isatsikire pansi peni-peni pozizira?" Funso labwino. M'nyanja zakuya, nyengo yotentha imagawa madzi m'magawo. Ofunda, pokhala opepuka, amakhala pamwamba. Ozizira amakhala pansi, ndipo awiriwa sasakanikirana. Pansipo masamba ndi zomera zakufa zimaola ndi kudya mpweya wonse, ndipo palibe mphepo yofikapo kuti ibwezere wina. Bass imatsika kufikira pamalire a magawo awiriwa ndi kuima pomwepo. Msodzi woponya nyambo kupyola pamenepo akuwedza m'nyumba yopanda anthu.

Cinanso ndi kuwala. Bass siithamangitsa cakudya mtunda wautali monga acitira mceni wa ku Kariba. Imalalira. Imabisala mumthunzi, kuyembekeza kansomba, cule kapena nkhanu kuti idutse pafupi, kenaka imatsegula pakamwa mwadzidzidzi ndi kumeza cakudyaco pamodzi ndi madzi. Dzuwa likakwera, malo olalira amacepa, ndipo nsomba zimaunjikana m'malo owerengeka: pansi pa masamba a kakombo, m'mphepete mwa bango, pakati pa nthambi za mtengo womira, pa zitsa, pansi pa ulalo, ndi pamene pansi pa damu pamatsika mwadzidzidzi. Onjezani apa pamene kamtsinje kathira m'damu, ndi gombe limene mphepo ikuombako, pakuti mafunde amasakaniza mpweya ndi madzi ndi kusonkhanitsa tinsomba. Ine ndiyesa kuti kudziwa malowa kuposa kukhala ndi bokosi lodzala nyambo zodula.

Tsopano nyambozo. Asodzi a bass amakonda nyambo zopanga, za mtengo, za citsulo kapena za pulasitiki, zimene msodzi amazipatsa moyo ndi dzanja lake. M'mbandakuca ndi cakumadzulo, kuwala kukacepa, bass imabwera m'madzi osaya, ndipo ndiyo nthawi ya nyambo zoyandama. Zina zimapangidwa ngati cule, mbedza zake zitayang'ana kumwamba kuti ziyende pamwamba pa kakombo osakodwa. Zina ziri ndi pakamwa pokumbika, ndipo mukakoka pang'ono zimalira kuti phu! Ponyani, dikirani kufikira timafunde tonse titatha, kenaka gwedezani kamodzi. Nsomba ikalumpha, musakoke pomwepo cifukwa ca kudzidzimuka. Yambani mwamva kulemera kwake pandodo. Nthawi imeneyi ndi yaifupi, ndipo wocedwa kudzuka amapeza itatha.

Masana, mfumu ya nyambo zonse ndi nyongolotsi ya pulasitiki yofewa. Anaipanga Nick Creme wa ku Akron, m'cigawo ca Ohio, m'caka ca 1949, ndipo asodzi a ku Texas ndiwo anachukitsa njira yoimangira imene ikali kudziwika ndi dzina la cigawo cao. Njirayo ndi iyi. Pacingwe mulowetsa kamtovu kosongoka ngati cipolopolo, kenaka mumanga mbedza. Mbedzayo muilowetsa kumutu kwa nyongolotsi, muitulutsa pang'ono, muitembenuza, ndipo nsonga yake muibisa m'thupi la nyongolotsiyo. Popeza nsonga yabisika, nyamboyo imalowa m'bango ndi m'nthambi osakodwa, m'nyumba mweni-mweni mwa nsomba.

Luso lonse lagona pa kufatsa. Ponyani pafupi ndi citsa, musiye nyambo imire yokha, maso ali pacingwe, pakuti kawiri-kawiri bass imaitenga ikali kumira. Ikafika pansi, ilekeni. Werengani mumtima kufika pa khumi. Kwezani ndodo pang'ono, nyongolotsi idumphe kamtunda ngati ka cikhato, muisiyenso. Ana ambiri, ndi akulu omwe, amalephera pamenepa, manja amawayabwa. Koma taganizani za nsomba ija yopuma mobvutika mumthunzi. Kanthu kothamanga imangokayang'ana. Kanthu kofooka, kogwa pamphuno pake ndi kukhala pomwepo, sikafuna mphamvu zambiri, ndipo potsiriza imakameza. Musayembekeze kukoka kwamphamvu. Mudzamva ngati wina wagogoda ndodo ndi cala, kapena mudzaona cingwe cikuyenda cokha cam'mbali. Pamenepo tsitsani ndodo, kungani cingwe, ndi kukoka kamodzi mwamphamvu kuti nsonga iboole pulasitiki ndi kugwira nsomba.

Nyambo yochedwa jig, imene ndi mbedza ya mutu wa mtovu yobvala timphonje ta mphira, imawedzedwa mofananamo. Pansi pa madzi imaoneka ngati nkhanu.

Pali njira ina yosiyana kotheratu ndi imeneyi, ndipo masiku ena ndiyo yokha imagwira nchito. M'malo monyengerera nsomba, muidzidzimutsa. Pa ici amagwiritsa nchito tinsomba ta mtengo kapena ta pulasitiki yolimba tokhala ndi mlomo kutsogolo. Mlomo ukakhala wautali, kansombako kamamira kwambiri pokokedwa. Mmodzi wa oyamba kuchuka ndi nyambo zotere anali Lauri Rapala, msodzi wosauka wa ku Finland, amene m'caka ca 1936 anasema kansomba ndi kukakuta ndi pepala lonyezimira, ataona kuti nsomba zazikulu zimasankha kansomba kobvulala pakati pa tinzake. Msodzi amakoka nyamboyi mofulumira ndi kuigunditsa dala pacitsa kapena pamwala. Ikagunda imapatuka mwadzidzidzi, ndipo bass imaikhwathula isanaganize. Tsiku la mphepo kapena la mitambo, nyambo ya timasupuni tozungulira, yochedwa spinnerbait, imacita bwino m'mphepete mwa udzu.

Za maonekedwe a nyambo asodzi amatsutsana kosatha, koma zofunika nzocepa. M'madzi oyera sankhani yobiriwira kapena yofiirira ngati zamoyo za m'damumo, ndi cingwe copyapyala. M'madzi amatope nsomba imadalira mzera wa m'mbali mwa thupi lake, umene umamva kugwedezeka kwa madzi, conco sankhani nyambo yogwedezeka kwambiri. Usiku, cimene cingakudabwitseni, yakuda ndiyo ioneka bwino, cifukwa nsomba imaiona kucokera pansi, kumbuyo kwake kuli thambo. Koma kuwedza usiku nkwa akulu. Kuno kwathu madzi ali ndi ng'ona.

Asodzi ambiri a bass amabwezera nsomba m'madzi akaikola. M'nyengo yotentha nsomba yolimbana ndi cingwe imatopa msanga, motero amayamba anyowetsa manja, amacotsa mbedza mofulumira, ndi kuibweza osaicedwetsa kumtunda. Cimene simuyenera kucita konse ndi kuitenga yamoyo kukaiika m'dziwe kapena mumtsinje wina. M'mitsinje ina ya ku South Africa bass yatha tinsomba ta komweko, ndipo matemba athu sangalimbe nayo.

Bass ziwiri zazikulu koposa zolembedwa m'mabuku a asodzi zinakoledwa m'miyezi yotentha. Yaciwiri anaikola Manabu Kurita m'nyanja ya Biwa ku Japan mu Julayi 2009, ndi nyambo ya kansomba kamoyo. Yoyamba anaikola George Perry, mlimi wacinyamata, m'nyanja ya Montgomery ku Georgia pa 2 Juni 1932. Iriyonse inalemera makilogalamu 10 ndi pang'ono. Perry anaiyeza pasikelo, napita nayo kunyumba, banja lake nilidya ndiwo.