Dzina Likada ku Banki

Zomba ndi mzinda wodalira malipiro a pamwezi. Likulu la dziko linasamukira ku Lilongwe mu 1975, koma asilikali a ku Cobbe Barracks, apolisi, anamwino a pachipatala chachikulu, ogwira ntchito ku MANEB ndi aphunzitsi a payunivesite ya pa Chirunga akadalipo. Pomwe pali malipiro otsimikizika, okongoza ndalama sasowa: mabanki, ma SACCO, makampani odula ngongole pamalipiro, ndi akatapila oyembekezera pakhomo tsiku la malipiro. Mwezi ukatha, ambiri ku Matawale ndi ku Chinamwali amangolandira zotsala.

Zimene ambiri sadziwa n'zakuti ngongole zimenezi zimalembedwa pamalo amodzi. Mu 2010 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la Credit Reference Bureau Act, lolola makampani apadera kusunga mbiri ya kabwezedwe ka ngongole ka munthu aliyense. Poyamba mabanki ankakoka miyendo, ponena kuti nkhani za makasitomala awo n'zachinsinsi. Lamulo litakonzedwa mu 2016, kupereka mbiriyo kunakhala kokakamiza. Makampani monga Credit Data CRB amalandira chiphaso kwa woyang'anira mabungwe a zachuma, yemwe malinga ndi malamulo ndi Gavanala wa Reserve Bank of Malawi. Chiphaso cha unzika chitabwera mu 2017, kuthawa ngongole posintha dzina kapena kusamukira ku banki ina kunavuta kwambiri, chifukwa nambala ndi imodzi kulikonse kumene munthu wapita.

Lipoti la munthu limasonyeza ngongole zimene anatenga, kumene anazitenga, zimene zatsala, ndi miyezi imene anachedwa kubweza. Limalembanso zabwino, ndipo apa m'pofunika kumvetsa: wobweza mokhulupirika amadzikundikira umboni umene ungamuthandize ngakhale alibe nyumba yopereka ngati chikole.

Pa Chirunga nkhaniyi imayamba munthu asanalandire malipiro ake oyamba. Chancellor College, imene inasamukira ku Zomba mu 1973 ndipo kuyambira mu 2021 ndiyo University of Malawi, yatulutsa mibadwo ya ophunzira amene analipiriridwa ndi ngongole ya boma. Kwa zaka zambiri ngongoleyi inkaonedwa ngati mphatso. Bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board litakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2015, linayamba kulondola ngongole zakale, kupempha olemba ntchito kuti azidula pamalipiro, komanso kuchenjeza kuti mayina a osabweza adzaperekedwa kwa osunga mbiri ya ngongole. Wophunzira amene lero akuchita lendi ku Chikanda n'kumagula ndiwo pa Mpondabwino adziwe kuti pepala limene anasaina chaka choyamba lidzamupeza tsiku lofuna ngongole ya galimoto kapena ya nyumba.

Zinthu zikafika poipitsitsa, pali lamulo la Insolvency Act la mu 2016, limene linalowa m'malo mwa lamulo lakale la Bankruptcy Act. Munthu amene ngongole zamukulira angapite yekha ku Khothi Lalikulu, kapena angatengeredweko ndi amene anamukongoza, kuti khothi ligamule kuti walephereratu kubweza. Likatero, katundu wake amapita m'manja mwa woyang'anira wosankhidwa motsatira lamulo, amene amamugulitsa n'kugawira okongoza. Izi n'zosiyana ndi kubwera kwa asherifu, amene amalanda katundu chifukwa cha chigamulo cha wokongoza mmodzi. Pano okongoza onse amaikidwa pamzere, ndipo palibe wololedwa kuthamangira yekha kukanyamula firiji.

Mtengo wa chigamulo chotere ndi wowawa. Kufikira khothi kapena lamulo litamumasula, munthu wotere sangakhale dairekitala wa kampani, ndipo Malamulo Aakulu a dziko amamuletsa kuimira pa mpando wa phungu kapena wa pulezidenti. Komabe lamuloli silinalembedwe kuti lingolanga. Limapereka mpata wakuti wangongole agwirizane ndi omukongoza za kabwezedwe katsopano zinthu zisanafike pogulitsa katundu, ndipo pamapeto limamumasula kuti ayambirenso. Ndi Amalawi ochepa amene amadutsa njira imeneyi, chifukwa imafuna loya ndi ndalama. Ambiri sanagamulidwe ndi khothi lililonse. Anangoona kuti banki iliyonse ikuwabweza popanda kuwauza chifukwa chenicheni.

Kwa amenewa, poyambira ndi kupempha lipoti lawo. Lamulo limapatsa munthu ufulu woona zimene zalembedwa pa dzina lake ndi kutsutsa zolakwika. Zolakwika zimakhalapo ndithu: ngongole imene inatha koma sinafufutidwe, kapena ndalama imene abwana anadula pamalipiro koma anachedwa kuitumiza kwa wokongoza, wantchito n'kulembedwa ngati wozemba. Dandaulo limapita kwa osunga mbiriwo ndi kwa wokongoza, ndipo ngati sakumva, limakafika ku Reserve Bank. N'chifukwa chake mapepala a malipiro ndi malisiti sayenera kutayidwa. Amenenso anasainira mnzake ngati womuimira pa ngongole ayang'ane lipoti lake, chifukwa mnzakeyo akathawa, ngongole imagwera iye.

Ngati ngongoleyo ndi yoona, palibe amene angaifufute ndi chiphuphu, ndipo wolonjeza zimenezo ndi wakuba. Chotheka ndi kukakhala pansi ndi wokongoza, kugwirizana ndalama imene munthu angakwanitse pamwezi, ndi kulemberana. Ikatha, atenge kalata yotsimikiza kuti wamaliza, kenako aonenso lipoti ngati lasintha.

Pambuyo pake pamafunika mbiri yatsopano, ndipo imamangidwa ndi ngongole zing'onozing'ono zobwezedwa pa nthawi yake. SACCO ndi poyambira pabwino, chifukwa imakongoza potengera zimene membala wasunga. Lamulo la Personal Property Security Act la mu 2013 limalolanso kuti njinga yamoto, makina osokera kapena ziweto zikhale chikole chovomerezeka. Banki mkhonde imathandiza kuti mwana asabwezedwe kusukulu, koma kukhulupirika kwa mayi amene wabweza bwino zaka zisanu kumathera m'kope la gulu. Banki ya m'tauni sikuona. Apa dongosolo lathu likulakwira amayi ambiri, ndipo pafunika kukonza. Katapila ndiye salemba chabwino chilichonse. Amangosunga khadi ya ATM ya munthu ndi nambala yake yachinsinsi.

Nanga khadi ya ngongole? Makhadi ambiri amene anthu amanyamula ku Zomba, ngakhale ali ndi chizindikiro cha Visa, amangotapa ndalama zimene zili kale mu akaunti. Khadi ya ngongole ndi ina: banki imaika malire a ndalama imene munthu angagwiritse ntchito, iye n'kumabweza mwezi ndi mwezi. Ku America kuli makhadi operekedwa kwa amene anagwa m'ngongole, bola asungitse ndalama ngati chikole. Kuno makhadi a ngongole amaperekedwa ndi mabanki ochepa, makamaka kwa amene malipiro awo amadzera ku bankiyo kapena ali ndi ndalama yosungitsa, ndipo banki imayamba yaona lipoti lija.

Wopeza khadi yotere ayenera kuwerengera bwino. Mu 2024 Reserve Bank inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki amawonjezerapo pawo. Wobweza ndalama yochepetsetsa yokha imene banki yalemba pa sitetimenti amangodyetsa chiwongoladzanja, ngongole yeniyeni ili chikhalire. Wogula zinthu kunja pa intaneti akumbukirenso kuti mu November 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo chilichonse cholipiridwa m'madola chinakwera pomwepo. Kwa munthu amene akukonza dzina lake, khadi yotere ili ndi ntchito ngati malire ake ndi ochepa, ngati akuguliramo zimene akanagula kale monga mafuta a galimoto kapena magetsi, ndiponso ngati akubweza ndalama yonse tsiku lomaliza lisanafike.