Kodi a PEA amalemba chiyani mu kope lawo lija?

Anzanga, mukaona njinga yamoto yaima pa pulayimale, munthu watsika ndi kope n'kukakhala kumbuyo kwa kalasi, nthawi zambiri amenewo ndi a PEA, alangizi a aphunzitsi. Sukulu za boma la Mangochi zinagawidwa m'mazoni, ndipo zoni iliyonse ili ndi PEA wake amene ofesi yake ili ku TDC. Ambirife timangoti abwera kudzagwira aphunzitsi ojomba. Ayi ndithu. Ntchito yawo yaikulu ndi kuonerera phunziro, kenako kukambirana ndi mphunzitsiyo.

Chiyambire 2016, pomwe boma linakhazikitsa National Reading Programme yothandiza ana a Sitandade 1 mpaka 4 kudziwa kuwerenga, ulangizi wotere unakula. Ahedi nawonso amaonerera aphunzitsi awo.

Ine ndimaona kuti phindu la ulendo wonsewo lili mu kopemo. PEA mmodzi amayendera sukulu zambiri, nyengo ya mvula misewu imavuta, ndiye akhoza kutha milungu asanabwerenso. Zosalemba zimaiwalika basi.

Kulemba kuti "phunziro silinayende bwino" sikuthandiza aliyense. Mphunzitsi amangokhumudwa, osadziwa pokonza. Mlangizi wodziwa ntchito amalemba zimene waona ndi maso: tsiku, kalasi, ana amene abwera ndi amene ali mu kaundula, ana angati akugwirizira buku limodzi, ndani waitanidwa kuwerenga, ndipo a kumbuyo aja anatsegula pakamwa kapena ayi. Zimenezi palibe angatsutse.

Kuno kunyanja manambala amenewa amaulula zambiri. Tsiku ndi chiwerengero zikalembedwa ulendo uliwonse, zimaoneka poyera ngati anyamata akusowa m'kalasi nthawi imene usipa wachuluka. Komanso ana ambiri m'boma lino kunyumba amayankhula Chiyao. Mwana akakhala chete, mlangizi alembe ngati wakanika chilembo kapena sanamve funso la Chichewa. Awa ndi mavuto awiri osiyana, mankhwala akenso ndi osiyana.

Pomaliza awiriwo amagwirizana chinthu chimodzi kapena ziwiri zoti zisinthe, osati khumi. Azilembe, onse asayine, mphunzitsi atsale ndi pepala lake. Ulendo wotsatira uyambire pomwepo. A PEA akasamutsidwa, wobwerayo sayambiranso pachiyambi.

Chenjezo kwa ife a pa foni: zolembazi si zojambula n'kuponya pa gulu la WhatsApp. Mphunzitsi akadziwa kuti zofooka zake zifika pa Facebook, adzangochita sewero alendo akabwera.

Koma kufunsa ndi ufulu wathu. Pa msonkhano wa PTA kapena wa komiti ya sukulu pano pa Nkope, imikani dzanja mufunse kuti a PEA anafika liti komaliza, ndipo zimene anagwirizana ndi aphunzitsi zinachitika kodi. Mng'ono wanu amene wafika Sitandade 4 osatha kuwerenga dzina lake akudikira yankho limenelo.