Ndani anawerenga a ku Minga?

Kondakitala akakuwa kuti "kwatsala mmodzi cabe!", mumayamba mwasuzumira m'basimo. Ziwerengero za pa intaneti nazo zimafuna kusuzumira.

Kampani ya Adobe inkati Flash, kapulogalamu koonetsa mavidiyo pa intaneti, kali m'makompyuta 99 pa 100 alionse. Koma ofunsidwawo anali a kumaiko olemera monga America, Japan ndi Germany.

Ine nthawiyo ndinali kwathu ku Minga. Intaneti yathu inali kafoni ka mabatani ka Opera Mini, momwe Flash sinkagwira. Tsiku lina fomu yofunsira nchito inakana kutseguka popanda Flash. Ndinakwera galimoto mpaka pa boma pa Petauke kukafuna kompyuta, ndalama ya ndiwo n'kuthera pamseu.

Flash anaitseka pa 31 Disembala 2020. Kwathu palibe anazindikira.