Laputopu ya Gulu Ikakalamba: Kusankha Pulogalamu Yosasokoneza Wozolowera Windows

Gulu la alimi kuno ku Luangwa likakhala ndi kompyuta, kawirikawiri imakhala imodzi yokha, laputopu yakale imene inabwera ngati mphatso kapena inagulidwa ku Lusaka itagwirapo kale ntchito. M'menemo mlembi amasunga maina a mamembala, zopereka za aliyense, ngongole za banki ya m'mudzi, chiwerengero cha mbuzi ndi masiku amene zinalandira mankhwala. Makinawo akasokonekera, umboni wa amene anabweza ngongole umapita nawo limodzi, ndipo mkangano suchedwa kubuka.

Ambiri mwa makompyuta amenewa amayendera Windows 10. Kampani ya Microsoft inaleka kuisamalira mwa nthawi zonse pulogalamuyi pa 14 October 2025. Kompyuta imayakabe ndipo imalembabe, koma mipata imene mavairasi ndi akuba a pa intaneti amalowera sikutsekedwanso monga kale. Windows 11, imene inatuluka mu 2021, imafuna makina atsopanoko okhala ndi kachipangizo kotchedwa TPM 2.0, ndipo malaputopu ambiri akale alibe kachipangizoka. Gulu limene ndalama zake zikudikira mbewu ndi feteleza silingathamangire kugula kompyuta ina.

Njira ina ilipo. Windows ndi imodzi chabe mwa mapulogalamu aakulu oyendetsa kompyuta. Ina ndi Linux, imene Linus Torvalds wa ku Finland anayamba kulemba mu 1991, ndipo imaperekedwa kwaulere. Ngati muli ndi foni ya Android, ndiye kuti mumaigwiritsa kale ntchito, pakuti Android inamangidwa pamwamba pa Linux. Kungoti Linux ili ndi mitundu yambiri, monga mmene zilili ndi mbewu za chimanga, ndipo wosankha ayenera kudziwa munda wake. Funso loyamba likhale lakuti: kodi mlembi wathu, amene dzanja lake linazolowera Windows, akayatsa kompyuta mawa adzapeza zinthu pamalo pamene amazipeza?

Mtundu wodziwika kwambiri ndi Ubuntu, umene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anayambitsa mu 2004. Dzina lake ndi lija timati umunthu. Ndi wodalirika, koma maonekedwe ake ndi achilendo: zizindikiro za mapulogalamu zimandandalikidwa m'mbali ya kumanzere, ndipo wozolowera Windows amayamba wasochera kaye.

Linux Mint, imene Clément Lefèbvre anayambitsa mu 2006, inamangidwa pa Ubuntu yemweyo koma inavekedwa chovala chozolowereka. Batani lotsegulira mapulogalamu lili pansi kumanzere, wotchi ili pansi kumanja, mafoda amatseguka mmene mumadziwira. Mint 22, imene inatuluka mu 2024, idzasamalidwa mpaka 2029. Imatha kuyenda pa kompyuta ya RAM ya 2GB, ngakhale kuti 4GB ndiyo yabwino, ndipo ili ndi mtundu wopepuka wotchedwa Xfce woyenera makina ofooka. Zorin OS, yochokera ku Ireland, inakonzedwa dala kuti ilandire anthu ochoka ku Windows, ndipo imalola kusintha maonekedwe kuti afanane ndi amene munazolowera. Mtundu wake wa Core ndi waulere, wa Pro ndi wolipira. Kwa gulu limene likuyamba kumene, Mint kapena Zorin Core ndi poyambira pabwino.

Komabe, kufanana kwa maonekedwe kusakunyengeni, chifukwa pali zimene mudzasiya. Word ndi Excel za pa Windows sizikhazikika mwachindunji pa Linux. M'malo mwake muli LibreOffice, momwe Writer ndi yolembera makalata ndipo Calc ndi yowerengera ndalama. Imatsegula mafayilo a Word ndi Excel, koma nthawi zina mizere ndi matebulo zimasuntha pang'ono. Kalata yofunsira thandizo kapena lipoti lopita ku ofesi ya zaulimi ndi bwino kulisunga ngati PDF kuti lifike monga munalilembera. WhatsApp ndi imelo zimatseguka kudzera pa Firefox. Ngati bungwe limene mumagwira nalo ntchito linakupatsani pulogalamu yake yapadera yoyendera Windows yokha, funsani kaye musanasinthe chilichonse. Safunsa anadya phula.

Mlimi wanzeru sabzala mbewu yachilendo m'munda wonse chaka choyamba. Amayesa pa kachigawo kakang'ono. Linux nayo imayeseka chimodzimodzi. Imaikidwa pa fulashi, ya 8GB ndi yokwanira, ndipo kompyuta imayatsidwa kuchokera pa fulashipo popanda kukhudza Windows kapena mafayilo anu. Pa nthawi yoyesayi tsegulani buku lenileni la ngongole, onani ngati masamu akugwirizana, lumikizani pulinta ndi kusindikiza tsamba limodzi, yesani intaneti ya pa foni, mverani ngati mawu akutuluka. Amene ayese akhale mlembi mwiniwake, osati mnyamata wodziwa makompyuta amene mawa adzakhala atabwerera ku tauni.

Kumbukiraninso za mabandulo. Fayilo ya Mint imayandikira 3GB, choncho ndi chanzeru kuikopera kamodzi pamalo pamene netiweki ili yamphamvu, kuchokera pa tsamba la eni ake, kenako fulashi yomweyo n'kuthandiza magulu angapo, kaya a kwa Mfumu Mburuma kapena a kwa Mfumu Mphuka. Kugawana Linux n'kololedwa. Zimenezi n'zosiyana ndi Windows yokopera mwachinyengo imene ena amaika pa mtengo wotsika, imene ikhoza kubwera ndi mavairasi ake.

Mukakhutira ndipo mwaganiza zoikhazikitsa, chenjerani pa sitepe imodzi: kuika pulogalamu yatsopano kungathe kufufuta zonse za mu kompyuta. Koperani mafayilo onse pa mafulashi awiri, imodzi ikhale kwa mlembi, ina kwa msungichuma, ndipo mutsegule mafayilowo pa kompyuta ina kuti mutsimikize kuti alimodi. Buku la pepala lisatayidwe. Kutentha kwa chigwa chathu m'mwezi wa October ndi fumbi lake zimapha makina, ayende Windows kapena Linux.

Sankhaninso nyengo. Musasinthe pa sabata yogawana ndalama za banki ya m'mudzi kapena pamene mukulembetsa mamembala ku FISP. Dikirani mutakolola, ntchito ya muofesi itachepa, kuti mlembi akhale ndi masabata angapo ozolowera. Ndipo gulu ligwirizane pa msonkhano kuti anthu awiri, osati mmodzi, aphunzire kuyatsa kompyutayo, kutsegula buku la ngongole ndi kukopera mafayilo pa fulashi kumapeto kwa mwezi uliwonse.