Nkhuku Ikatupa Maso: Malangizo kwa Oweta a ku Hauna ndi m'Minda ya Tiyi

Munthu wogula nkhuku pa msika wa Hauna, m'chigwa cha Honde, amainyamula kuti amve kulemera kwake, naigwira pachifuwa, kenaka n'kuyamba kunenerera mtengo. Ndi ochepa amene amaiyang'ana m'maso. Komatu nkhuku yogulayo, kapena yopatsidwa ndi mlamu pobwera kocheza, ndiyo kawirikawiri imalowetsa matenda a maso pakhomo.

M'makomboni a m'minda ya tiyi ya Eastern Highlands ndi Aberfoyle ku Honde, ndiponso ya Tanganda ku Chipinge, kumene kuli mabanja ambiri amene makolo awo anachokera ku Malawi ndi ku Mozambique, nyumba n'zoyandikana. Nkhuku za mabanja khumi zimapalasa pa bwalo limodzi ndi kumwa pa chithaphwi chimodzi. Tsono chigwa cha Honde n'chotentha ndiponso chamvula yambiri, monga kunsi kwa phiri la Mulanje, kotero udzudzu, utitiri ndi mphemvu sizisowa.

Kutupa kwa diso pakokha sikupha msanga. Nkhuku imafa chifukwa imadya ndi maso: ikaleka kuona singatole njere, singapeze madzi, ndipo singathawe mphamba. Maso ake ali m'mbali mwa mutu, lililonse likuyang'ana dera lake, motero diso limodzi likatsekeka mbali yonseyo yada. Nkhuku zambiri zimene timati zafa ndi maso zimakhala zafa ndi njala ndi ludzu.

Mfundo yofunika kuigwiritsitsa ndi iyi: kutupa maso si nthenda imodzi. Pali zoyambitsa zingapo, ndipo mankhwala a ichi sachiza icho. Mlimi asanataye ndalama pa mankhwala ayenera kuigwira nkhukuyo, kupita nayo poyera, ndi kuiyang'anitsitsa.

Chimfine cha nkhuku

Ngati nkhope yatupa pansi pa diso, nkhuku ikuyetsemula, mamina akutuluka, zikope zamatirira ndi manthongo, ndipo m'khola mukumveka fungo loipa, ganizirani za chimfine cha nkhuku. Chimayamba ndi tizilombo ta mtundu wa bakiteriya totchedwa Avibacterium paragallinarum, ndipo chimaoneka patangopita tsiku limodzi kufikira atatu nkhuku itatenga. Chimayenda kwambiri kudzera m'madzi akumwa. Chimavuta makamaka m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, pamene alimi amatseka mipata yonse ya khola poopa chisanu.

Nthendayi imamva mankhwala monga oxytetracycline ndi a mtundu wa sulfa osungunula m'madzi akumwa, malinga aperekedwa pa muyeso wolembedwa ndi kwa masiku onse olembedwa. Chizolowezi chotsegula kapisozi wa anthu n'kuthira m'chigubu kwa tsiku limodzi n'choipa: nkhuku imangooneka ngati yapeza bwino, pamene tizilombo tikuzolowera mankhwalawo. Werenganinso masiku oyenera kudikira musanadye mazira kapena nyama ya nkhuku yomwa mankhwala.

Koma pali chinthu chimene alimi ambiri safuna kumva. Nkhuku yochira chimfine imasunga tizilomboto, nthawi zambiri moyo wake wonse, ndipo imapatsira zinzake ikuoneka yabwinobwino. N'chifukwa chake pakhomo pena nthendayi imabwerera chaka ndi chaka ngakhale mwininyumba asagule nkhuku yatsopano. Thadzi limene linatupapo nkhope lisasungidwe ngati mbewu, ngakhale likhale lodziwa kulera anapiye. Masiku a mankhwala akatha, lidyedwe pakhomo. Kuligulitsa kwa mnzanu wofuna kuweta ndiko kumusenzetsa tsoka lanu.

Nthomba ndi utitiri

Ziwirizi zimasokoneza anthu chifukwa zonse zimaoneka ngati tinthu takuda tozungulira diso. Nthomba ya nkhuku imayamba ngati timatuza totuwa pa lipombo, pa zikope ndi m'mbali mwa mlomo, ndipo timasanduka nkhanambo zolimba. Imayamba ndi vairasi, ndipo udzudzu ndiwo umaifalitsa kwambiri, motero imachuluka m'dzinja, makamaka kumene khola layandikana ndi munda wa nthochi kapena ndi madzi odikha. Ilibe mankhwala ochiza. Nkhanambo zimagwa zokha pakatha masabata awiri kufikira anayi, ndipo nkhuku yopulumuka sidwalanso. Ntchito ya mlimi ndiyo kuisunga ndi moyo masabata amenewo. Musasende nkhanambo ndi chikhadabo, popeza mumasiya bala ndipo vairasi imakhala yamoyo m'nkhanambo zogwazo kwa miyezi. Zifewetseni ndi Vaseline kuti diso litseguke. Ngati nthomba yalowa m'kamwa n'kuoneka ngati zigamba zachikasu, nkhuku imabanika, ndipo anapiye ambiri sapirira. Katemera wake alipo, wobaya pa khungu lopyapyala la phiko. Pakatha masiku 7 mpaka 10 pamalopo payenera kuoneka kachotupa, umboni wakuti wagwira.

Utitiri wokakamira ndi wina. Yang'anitsitsani: timadontho takudato tili ndi miyendo, ndipo timakhala titalowetsa mutu m'khungu. Pakani Vaseline wambiri kuti tibanike. Mazira ake amagwera m'dothi la m'khola, choncho sesani, tenthani zinyalalazo, ndi kuzira pansi. Agalu ndi amphaka amausunganso utitiri umenewu m'makutu. Parafini amene ambiri amakonda asafike pafupi ndi diso.

Njala ya vitamini A

Apa mpofunika kufatsa, chifukwa vutoli limabisala kumbuyo kwa matenda enawo. Mabanja ambiri a m'makomboni amatsekera nkhuku kuti zisaononge madimba a anzawo, nazipatsa madeya ndi makombo a nsima basi. Chimanga choyera chilibe zimene thupi limapangira vitamini A. Nkhuku yoyenda yokha imadzipezera vitaminiyu m'msipu wauwisi. Yotsekeredwa ilibe kolowera. M'miyezi ya Ogasiti mpaka Okutobala, msipu ukauma, ngakhale yoyenda yokha imasowa.

Vitaminiyu ndiye amasunga khungu lonyowa la m'maso, m'mphuno ndi pakhosi. Akasowa, maso amayamba kulengeza misozi, kenaka pansi pa chikope pamadzaza zinthu zoyera zolimba ngati chambiko chouma, kufikira diso litaonongeka. Kusiyana kwake ndi chimfine n'kwakuti palibe fungo loipa, ndipo vutoli silifalikira msanga: limabwera pang'onopang'ono, anapiye pakatha masabata ochepa, nkhuku zazikulu pakatha miyezi. Yolk ya dzira imatuwa, ndipo mazira ambiri saswa. Nkhuku yotere ndiyonso imayamba kugwa chimfine chikafika.

Mankhwala ake ali kuseri kwa nyumba. Mangani mtolo wa bonongwe, chisoso, nkhwani, kholowa kapena masamba a chammwamba, muulendeweze m'khola tsiku ndi tsiku. Mapapaya akupsa, mango ndi maungu, zimene chigwa cha Honde sichisowa, n'zabwinonso. Kuyambira chaka cha 2015 m'Zimbabwe muli mbewu za chimanga chofiirira chokhala ndi vitamini A, monga ZS242, zimene zinatuluka m'kafukufuku wa boma mothandizana ndi mabungwe a CIMMYT ndi HarvestPlus. Anazikonzera anthu, koma nkhuku nazo zimapindula.

Zina zosachitika kawirikawiri

Nkhuku imene imangokanda diso ndi phazi, chikope chamkati chitatupa, ingakhale ndi tinyongolotsi toyera topyapyala ngati ulusi, timene imatenga podya mphemvu za m'zinyalala. Ngati diso silinatupe koma lasanduka lotuwa, mwanadiso atachepa kapena atapotoka, ndipo zina mwa nkhukuzo zikupuwala miyendo, imeneyo ingakhale nthenda ya Marek, yotchedwa dzina la József Marek, dokotala wa ziweto wa ku Hungary amene anaifotokoza m'chaka cha 1907. Ilibe mankhwala, katemera wake amaperekedwa mwanapiye ali wa tsiku limodzi, choncho funsani pogula anapiye. Pomaliza pali mpweya woyabwa wochokera ku zitosi zonyowa. Gwadani m'khola m'mawa, mutu wanu ufike pamene pamakhala mitu ya nkhuku. Maso anu akayamba kuyabwa, dziwani kuti nkhuku zagona momwemo usiku wonse.

Pamene simuyenera kudzichitira nokha

Ngati pamodzi ndi kutupa maso nkhuku zikufa zambiri m'masiku awiri kapena atatu, zikutsekula m'mimba zobiriwira, kubanika ndi kupinda makosi, musatayenso nthawi ndi diso. Chingakhale chitopa, kapena chimfine choopsa cha mbalame chonga chimene chinabuka pa famu ina yaikulu pafupi ndi Harare m'chaka cha 2017. Malamulo a dziko amafuna kuti matenda amenewa anenedwe ku Dipatimenti ya Zaumoyo wa Ziweto. Uzani mlangizi wa ziweto kapena wa AGRITEX tsiku lomwelo. Musathamangire ku msika kukagulitsa zotsala, ndipo zakufa muzikwirire mozama kapena kuzitentha.

Katemera wa chitopa wa I-2, amene anapangidwa ku University of Queensland ku Australia kuti azipirira kutentha kwa kumudzi, amadonthetsedwa m'diso: dontho limodzi pa nkhuku iliyonse, yaikulu ndi yaing'ono yomwe, miyezi inayi iliyonse. Alipo ena amene amakana katemerayu poganiza kuti ndiye amachititsa khungu. Sachititsa. Koma asasokonezedwenso ndi mankhwala a maso: amateteza ku chitopa chokha, ndipo amaperekedwa kwa nkhuku zosadwala.

Kusamala nkhuku yosaona

Ipatuleni m'dengu kapena m'kachipinda kakekake. Wiritsani madzi, aziziritseni, ndipo m'botolo la 300 ml musungunule theka la supuni ya tiyi ya mchere. Ndi kansalu koyera tsukani diso kawiri pa tsiku, mukuchotsa mafinya mofatsa. Tsabola, fodya, madzi a mandimu ndi madzi a m'batire, zimene ena amathira m'diso, zimawotcha galasi la diso ndi kusiya chipsera choyera chosachoka. Ikani madeya onyowetsa osakaniza ndi ndiwo zamasamba zoduladula pamalo amodzi osasintha, ndipo mugunditse mlomo wake pa chakudyacho ndi m'madzi kangapo pa tsiku mpaka izolowere. Muziyamba mwadyetsa nkhuku zabwino, yodwala pambuyo, ndipo musambe m'manja ndi sopo musanadzigwire kumaso.

Nkhuku yatsopano, kaya yachokera ku msika wa Hauna kaya kwa achibale ku Chipinge, ikhale payokha masabata awiri kapena atatu, ndi chomwera chakechake, isanasakanikirane ndi zapakhomo.